Kukonzekera Ulendo Wokaona Zithunzi ku National Gallery mu London

National Gallery ndi nyumba yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja yomwe ili pakatikati pa mzinda wa London, kumpoto kwa bwalo la Trafalgar Square. Imasunga zithunzi zoposa 2,300 za akatswiri a ku Ulaya, kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1200 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mulibe ng'oma, zida za makolo kapena injini ya sitima ngati zomwe munthu amapeza ku myuziyamu ya ku Chichiri. Muli zithunzi zokhazokha, chipinda ndi chipinda, zina zopentedwa pathabwa, zina pachinsalu. Kulowa n'kwaulere, ndipo ulere umenewu ndiwo uyenera kutsogolera kakonzedwe ka ulendo wonse, chifukwa munthu amene sanalipire pakhomo alibe chomukakamiza kumaliza zonse tsiku limodzi.

Nyumbayi inayamba ndi zochepa. Mu 1824 boma la Britain linagula zithunzi 38 zomwe anasiya malemu John Julius Angerstein, mpondamatiki wa bizinesi ya inshuwalansi, pamtengo wa mapaundi 57,000, ndipo linayamba kuzionetsa m'nyumba yake yomweyo pamsewu wa Pall Mall. Mu 1838 zithunzizo zinasamukira m'chinyumba cha zipilala chomwe chilipo lero, chimene mapulani ake analemba William Wilkins. Malowo anasankhidwa dala, pakati pa dera la anthu olemera kumadzulo ndi dera la anthu osauka kum'mawa, kuti wobwera pangolo ndi wobwera wapansi onse azifikapo. Nyumba zina zotchuka, monga Louvre ku Paris ndi Prado ku Madrid, zinayamba ndi chuma cha mafumu. Ya ku London inakula pogula chimodzichimodzi ndiponso polandira mphatso, n'chifukwa chake ili ndi zithunzi zochepa poyerekeza ndi zinzakezo, koma zambiri mwa izo n'zosankhidwa bwino.

Kuchepako n'kwapoyerekeza chabe. Zithunzi zomwe zimakhala pamakoma nthawi imodzi zimaposa 1,000, pomwe zina zimakhala mosungira, zina zikukonzedwa, zina zabwerekedwa ndi nyumba za m'mayiko ena. Munthu atati aziima mphindi imodzi yokha pa chilichonse, osakhala pansi, osadya, angafunike maola pafupifupi 17, chonsecho masiku ambiri zitseko zimatseguka maola 8 okha. Ofufuza awiri, Jeffrey Smith ndi Lisa Smith, anayeza ndi wotchi alendo a ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2001 zinaonetsa kuti munthu amangoima masekondi pafupifupi 27 pachithunzi chotchuka. Vuto la kutopa m'nyumba zoterezi linadziwika kalekale. Benjamin Ives Gilman, yemwe ankagwira ntchito ku Museum of Fine Arts ku Boston, analemba za kutopaku mu 1916. Miyendo imayamba kulemera, msana umapweteka, ndipo maso amayamba kungodutsa pazithunzi osalowetsa kanthu m'mutu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mlendo amene walowa ndi mtima woti aone zonse amatuluka madzulo atatheratu, m'foni muli zithunzi mazana, koma atafunsidwa chomwe chamugwira mtima amasowa chonena.

Choncho kukonzekera kwenikweni kumayamba ndi kusankha. Maola awiri kapena atatu ndi okwanira paulendo woyamba, ndipo zithunzi 8 mpaka 12 n'zomwe munthu angazione modekha m'nthawi imeneyo. Pa webusaiti ya nyumbayi chithunzi chilichonse chili ndi tsamba lake, lofotokoza mbiri yake komanso chipinda chomwe chilimo, kapena kunena kuti panopa sichikuonetsedwa. Ndi bwino kuyang'ana masambawa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa zithunzi zimasunthidwa, ndipo manambala a zipinda olembedwa m'mabuku akale a alendo amasocheretsa, makamaka chikonzereni zipinda zonse mwatsopano mu 2025. Masamba omwewa amathandizanso amene sadzafika ku London: zithunzi zake zimatheka kuzikulitsa pafoni mpaka kuona mikwasa ya bulashi.

Kuti chithunzi chimodzi chikhoza kukwanira ulendo wonse, mbiri ya nyumbayi imachitira umboni. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse zithunzi zonse zinachotsedwa poopa mabomba, ndipo pambuyo pake zinakabisidwa mumgodi wa miyala wa Manod ku Wales. M'zipinda zopanda kanthuzo woimba piyano Myra Hess anayambitsa zoimbaimba za masana mu 1939. Kuyambira 1942 akuluakulu a nyumbayi anayamba kubweretsa chithunzi chimodzi chokha kuchokera kumgodiko, n'kuchionetsa kwa milungu ingapo asanasinthe ndi china. Anthu ankakhamukira kudzaona chimodzicho.

Nyumbayi imatsegulidwa tsiku lililonse kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndipo Lachisanu imafika mpaka 9 koloko usiku. Imatsekedwa kuyambira pa 24 mpaka pa 26 Disembala komanso pa 1 Januwale. Loweruka ndi Lamlungu masana kumakhala khwimbi, chimodzimodzinso kumapeto kwa Julayi ndi mwezi wonse wa Ogasiti sukulu zikatsekera. Mkati mwa sabata m'mawa mumapezeka magulu a ana asukulu atakhala pansi mozungulira mphunzitsi, koma awa sachedwa pamalo amodzi. Ola loyamba zitseko zikangotseguka ndi madzulo a Lachisanu ndiye nthawi zomwe munthu amapeza mpata woima pafupi ndi zithunzi zotchuka. Ngakhale kulowa kuli kwaulere, kutengeratu tikiti yaulere pa intaneti, yokhala ndi ola lofikira, kumachepetsa kudikira pamzere. Mabokosi ndi timakina ta khadi tomwe tili pakhomo ndi ta zopereka za kufuna kwa munthu, si ta malipiro, ndipo palibe amene amabwezedwa chifukwa chosaponyamo kanthu. Zolipira ndi zionetsero zapadera za miyezi yochepa, zomwe zimasonkhanitsa ntchito za katswiri mmodzi kuchokera m'mayiko osiyanasiyana. Matikiti ake kawirikawiri amapitirira mapaundi 20 ndipo a zionetsero zotchuka amatha msanga. Wopita koyamba angathe kuzisiya osadandaula, chifukwa zaulerezo n'zochuluka kale kuposa zomwe angamalize.

Za kayendedwe n'zosavuta. Siteshoni ya sitima zapansi panthaka yoyandikira kwambiri ndi Charing Cross, ndipo Leicester Square, Piccadilly Circus ndi Embankment zili pamtunda woyenda mphindi zochepa. Wochokera ku bwalo la ndege la Heathrow amakwera Piccadilly line mpaka Leicester Square osasintha sitima. Wochokera ku Manchester amatsikira ku Euston n'kukwera Northern line yodzera ku Charing Cross, pomwe wochokera ku Leicester kapena Nottingham amatsikira ku St Pancras n'kutenga Piccadilly line. Mabasi a mu London salandira ndalama zapamanja, amafuna khadi ya Oyster kapena khadi ya banki yongogunditsa. Galimoto ndi yosiya kunyumba: pakati pa mzinda pali msonkho wolowera, ndipo malo oimika ndi osowa komanso odula. Wochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza yolowera ku Britain, choncho kwa ambiri ulendo wa ku National Gallery umangokwera pamsana pa ulendo wina, wa sukulu, wa ntchito kapena wokaona abale.

Bwalo la Trafalgar Square nalo ndi lofunika kulipatsa mphindi zake. Pakati pake pali chipilala chachitali cha Nelson chozunguliridwa ndi mikango inayi yamkuwa. Kum'mawa kuli South Africa House, komwe anthu ankachitira zionetsero zotsutsa tsankho la apartheid, ndi tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields. Pakona ya kumpoto chakumadzulo, pafupi ndi khomo lolowera, pali nsanja yamwala yotchedwa Fourth Plinth. Inamangidwa mu 1841 kuti padzaime chiboliboli cha mfumu William IV, koma ndalama zinatha, nsanjayo n'kukhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Masiku ano amaikapo ntchito za akatswiri amakono mosinthanasinthana. Kuyambira Seputembala 2022 mpaka 2024 pamenepa panaima John Chilembwe. Chibolibolicho, chotchedwa Antelope, anachipanga Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa zaluso ku yunivesite ya Oxford, potengera chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley kunja kwa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe. Chilembwe anali atavala chipewa, m'nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo Kambalu anamukuza kuposa Chorley pafupifupi kawiri. Wopita lero apeza ntchito ina pansanjapo, koma ndi malo oyenera kuwadziwa.

Khomo lalikulu lolowera lili ku Sainsbury Wing, mbali ya kumanzere munthu akayang'anizana ndi nyumbayi. Mbaliyi inamangidwa mu 1991 ndipo inatsegulidwanso mu Meyi 2025 itakonzedwa. Palibe masitepe pakhomo ndipo mkati muli zikepe, zomwe zimathandiza okalamba, a pa njinga ya olumala ndi okankha ana. Aliyense amadutsa pachipikisheni ndipo zikwama zimatsegulidwa. Masutikesi ndi zikwama zikuluzikulu saloledwa, choncho si nzeru kubwera molunjika kuchokera ku bwalo la ndege ndi katundu. Kuyambira Okutobala 2024 zamadzimadzi nazo zinaletsedwa, kupatula mkaka wa mwana ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala. Lamuloli lili ndi chiyambi chake. Pa 14 Okutobala 2022 anthu awiri a gulu la Just Stop Oil anathira supu wa tomato pachithunzi cha mpendadzuwa cha Van Gogh, chomwe chinapulumuka chifukwa cha galasi, ndipo zochitika zina zotere zinatsatira. Kuukira zithunzi si kwachilendo m'nyumbayi: mu 1914 Mary Richardson, womenyera ufulu wa amayi wovota, anatema ndi chimpeni chithunzi cha Venus cha Velázquez. Malamulo a pakhomo amasintha, ndiye ayenera kuonedwa pa webusaiti asananyamuke. M'nyengo yozizira, chijasi chomwe chimathandiza panja chimasanduka katundu mkati chifukwa mumafunda, ndipo pali malo osungitsira pamtengo wochepa.

Zipinda zambiri zili pansanjika imodzi, ndipo zinayalidwa motsata zaka. Zithunzi zakale kwambiri zili ku Sainsbury Wing, kumadzulo. Munthu akamalowera kum'mawa zaka zimanka zisendera, mpaka kukafika kwa Monet, Seurat ndi Van Gogh kumapeto kwenikweni. Apa pali msampha. Ambiri amayamba ndi mphamvu zonse m'zipinda zoyamba, kuwerenga kachikwangwani kalikonse, ndipo pofika ku zithunzi zomwe anadzera amakhala atafooka. Amene mtima wake uli pa Van Gogh achite bwino kudutsa nyumba yonse osaima, akayambire kumeneko n'kumabwerera m'mbuyo. Mapu a zipinda amapezeka pakhomo komanso pafoni, ndipo antchito omwe amalondera m'zipinda amadziwa bwino pomwe chithunzi chilichonse chili. Kuwafunsa kumafupikitsa njira.

Posankha zoti aone, wowerenga Baibulo ali ndi mwayi woposa alendo ambiri a ku Ulaya a masiku ano, chifukwa gawo lalikulu la zithunzi zakale likufotokoza nkhani zomwe iye amazidziwa kale. Chithunzi cholembedwa nambala 1 m'kaundula wa nyumbayi ndi cha kuukitsidwa kwa Lazaro, cha Sebastiano del Piombo, chimodzi mwa 38 zoyamba zija. Rubens anajambula Samsoni ali m'tulo pamiyendo ya Delila, munthu akumumeta, asilikali atadikira pakhomo. Rembrandt anajambula mfumu Belisazara itatembenuka ndi mantha kuyang'ana dzanja lolemba pakhoma, vinyo akutayika m'zikho. Koma choyenera kuimapo nthawi yaitali ndi The Supper at Emmaus cha Caravaggio, cha mu 1601, chotengedwa pa Luka 24. Chagwira kamphindi komwe ophunzira awiri aja azindikira kuti mlendo wawo wa panjira ya ku Emau ndi Yesu. Yesuyo alibe ndevu, nkhope yake ndi yachinyamata, ndipo mwina n'chifukwa chake sanamuzindikire msanga. Wophunzira wa kumanzere wagwira mpando ndi manja onse awiri, ali pafupi kudzambatuka, malaya ake atang'ambika pachigongono. Wa kudzanja lamanja watambasula mikono, dzanja limodzi likuoneka ngati latuluka m'chithunzi kuloza woonerayo. Mwini nyumba ya alendo wangoima, chipewa kumutu, osamvetsa kanthu. Patebulo pali nkhuku yootcha, buledi ndi dengu la zipatso lomwe latsala pang'ono kugwa m'mphepete, moti munthu amafuna kulikankhira mkati. Zipatsozo zili ndi mawanga a kuola. Caravaggio ankajambula anthu wamba a m'misewu ya Rome monga analili, ndipo zimenezi n'zomwe zinkakwiyitsa ena m'nthawi yake. Zonsezi sizioneka m'masekondi 27.

The Arnolfini Portrait cha Jan van Eyck, cha mu 1434, chimadabwitsa ambiri ndi kuchepa kwake: masentimita 82 m'litali ndi 60 m'lifupi. Chimafuna kuyandikira, choncho chimafunanso kudikira kuti anthu apunguke. Mwamuna, wamalonda wa ku Italy wokhala mumzinda wa Bruges, wagwira dzanja la mkazi m'chipinda momwe muli kagalu, malalanje pawindo, nsapato zamatabwa pansi ndi kandulo imodzi yoyaka masana. Mkaziyo amaoneka ngati woyembekezera, koma akatswiri ambiri amati wangonyamula nsalu yochuluka ya diresi lake monga mwa kavalidwe ka nthawiyo. Pakhoma lakumbuyo pali kagalasi kozungulira komwe kakuonetsa chipinda chonse ndi anthu ena awiri ataima pakhomo, ndipo m'mbali mwake muli tizithunzi 10 ta masautso ndi kuuka kwa Khristu, kalikonse kochepa ngati chikhadabo. Pamwamba pa galasilo Van Eyck analemba dzina lake ndi chaka, kunena kuti analipo. Penti wamafuta, yemwe amauma pang'onopang'ono ndipo amalola kupaka mosanjikiza mopyapyala, ndiye anatheketsa zoterezi.

The Ambassadors cha Hans Holbein, cha mu 1533, n'chachikulu, mamita awiri mbali zonse, ndipo chili ndi chinsinsi chomwe chimafuna miyendo. Amuna awiri a ku France, kazembe Jean de Dinteville ndi bishopu Georges de Selve, atsamira mashelefu odzaza ndi zida zoyezera nyenyezi, mabuku ndi zoimbira. Pansi pakati pawo pali chinthu chotuwa chopingasa chomwe sichidziwika kuti n'chiyani. Munthu akapita kumapeto kwa felemu mbali ya kudzanja lamanja, n'kuyang'ana chithunzicho cham'mbali, chinthucho chimakhwinyata n'kusanduka chigaza cha munthu. Pachoimbira cha zingwe nsambo imodzi yaduka, ndipo pafupi pake pali buku la nyimbo za Chilutera. Chinali chaka chomwe mfumu Henry VIII inkapatukana ndi Papa pankhani ya ukwati wake ndi Anne Boleyn, mpingo wa ku Ulaya ukung'ambika. Pakona yapamwamba kumanzere, katani yobiriwira yasiya kampata, ndipo m'kampatamo muli mtanda waung'ono wasiliva. Ambiri amachoka osauona.

Za ku Britain komweko zodziwika kwambiri ndi ziwiri. The Hay Wain cha John Constable, cha mu 1821, chikuonetsa ngolo ili m'madzi pafupi ndi kanyumba ka kumudzi ku Suffolk. The Fighting Temeraire cha Turner, cha mu 1839, chikuonetsa sitima yankhondo yamatanga yomwe inamenya nawo nkhondo ya Trafalgar mu 1805 ikukokedwa ndi kasitima kofuka utsi kupita kokaphwasulidwa, dzuwa lili pafupi ndi madzi. Ndi chomwechi chili kuseri kwa ndalama yapepala ya mapaundi 20, ndiye amene ali nayo m'thumba akhoza kufananitsa. Kuchokera apa n'pafupi kufika kwa Van Gogh. Chithunzi cha mpendadzuwa anachipenta mu Ogasiti 1888 ku Arles, kum'mwera kwa France, kuti akongoletse chipinda cha mnzake Paul Gauguin, ndipo chinagulidwa mu 1924. Pamaso pake pamakhala mpanda wa mafoni okwezedwa m'mwamba. N'choyenera kuchidikirira, chifukwa penti wake ndi wokhuthala moti pakati pa maluwa pamachita kutukuka, zomwe kalendala kapena foni sizionetsa. Komabe chithunzi cha mpando wake wamatabwa, wokhala ndi kaliwo ndi fodya pamwamba, cha chaka chomwecho, sichichepa mphamvu, ndipo nthawi zambiri pamaso pake pamakhala mpata.

Mlendo wochokera ku Africa sachedwa kuona kuti m'nyumbayi mulibe ntchito za akatswiri akale a ku Africa, ndipo anthu akuda m'zithunzimo ndi owerengeka. Alipo ndithu, ndipo kuwafunafuna ndi njira ina yabwino yoyendera zipinda. Mu The Adoration of the Kings cha Jan Gossaert, cha pakati pa 1510 ndi 1515, mmodzi mwa anzeru a kum'mawa, Balthasar, ndi mfumu yakuda yovala zagolide, ndipo Gossaert anasaina dzina lake pachisoti cha mfumuyo. Edgar Degas mu 1879 anajambula Miss La La, mayi wa masewera a m'malere wobadwa kwa bambo wakuda ndi mayi wachizungu, akukwezedwa kudenga ataluma chingwe ndi mano. Akatswiri achikazi nawo ndi ochepa kwambiri pamakomawa. Chithunzi chomwe Artemisia Gentileschi anadzijambula yekha ngati Katarina Woyera chinagulidwa mu 2018.

Opita ndi ana kapena gulu la kumpingo ayenera kudziwiratu kuti zithunzi zambiri zotengedwa ku nthano za Agiriki ndi Aroma zimaonetsa anthu ali maliseche, ndipo sizinapatulidwe m'chipinda chawochawo. Zilipo zinanso zoopsa, monga mutu wa Yohane Mbatizi uli m'mbale, kapena Lady Jane Grey atamangidwa m'maso akupapasa chipika chomudulirapo khosi. Kholo lomwe laona mapu ndi masamba a pa intaneti lingasankhe njira yake, kapena kukonzekera mayankho. Ana amakonda Whistlejacket, kavalo wa George Stubbs wamkulu ngati wamoyo, ataimika miyendo yakutsogolo pachinsalu chopanda china chilichonse, komanso kambuku wamizeremizere wa Henri Rousseau ali m'nkhalango mvula ikukhuthuka. Rousseau sanapondeko m'nkhalango yotero, zomera zake ankakazionera m'munda wa maluwa wa mu Paris. Kwa mwana wamng'ono ola limodzi ndi lokwanira, ndipo kumupatsa ntchito, monga kuwerenga agalu omwe ali m'zithunzi, kumathandiza kuposa kumufotokozera mbiri.

Kaonedwe kenikeni kalibe lamulo, koma pali chizolowezi chothandiza. Munthu ayambe waima patali kuti aone chithunzi chonse, kenako ayandikire kuti aone momwe penti anayendera, ndipo kachikwangwani awerenge pomaliza, maso atagwira kale ntchito yawo. Wowerenga poyamba amangoona zomwe wauzidwa. Zikwangwanizo zili m'Chingelezi ndipo n'zazifupi. Pamakhalanso nkhani zaulere zomwe akatswiri a nyumbayi amakamba pamaso pa chithunzi, ndipo nthawi zake zimalembedwa pa webusaiti. M'zipinda zambiri muli mabenchi, ndipo kukhala pansi mphindi zisanu moyang'anizana ndi chithunzi chachikulu ngati Bathers at Asnières cha Seurat kumapumitsa miyendo maso akugwirabe ntchito. Kukhudza n'koletsedwa, ngakhale felemu, ndipo kuloza ndi chala pafupi kwambiri kumaitana mlonda. Kujambula ndi foni n'kololedwa kuyambira 2014, koma popanda kuwala kwa fulashi ndiponso popanda ndodo yodzijambulira, ndipo m'zionetsero zapadera nthawi zina amaletseratu. Wofuna kukopera chithunzi m'kope ndi pensulo palibe amene amamuletsa. Podutsa pamasitepe a m'khonde lalikulu lakale ndi bwino kuyang'ana pansi: timiyala topondapo tomwe Boris Anrep anayala pakati pa 1928 ndi 1952 tikuonetsa nkhope za anthu odziwika monga Winston Churchill ndi Greta Garbo, komanso masewera a mpira.

Kudya m'zipinda za zithunzi n'koletsedwa. Mkati muli malo ogulitsira tiyi ndi chakudya, pamitengo ya pakati pa London. Wonyamula kamba wake akhoza kudyera pamasitepe a m'bwalo kukakhala kopanda mvula, pokumbukira kuti kudyetsa nkhunda pamenepo n'koletsedwa komanso kuti pobwerera adutsanso pachipikisheni. Pansi pa tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields palinso malo odyera. Kupuma kwa pakati kotereku kumagawa ulendo pawiri, ndipo gawo lachiwiri limakoma likakhala lalifupi. M'sitolo ya nyumbayi, mapositikhadi ndiwo otsika mtengo pa zonse ndipo mitundu yake imatuluka bwino kuposa ya pafoni.

Kuseri kwa National Gallery kuli National Portrait Gallery, yomwe anthu ambiri amaisokoneza ndi inzakeyi. Ndi nyumba ina, ya khomo lakelake pamsewu wa St Martin's Place, yosunga nkhope za anthu otchuka m'mbiri ya Britain, ndipo nayo ndi yaulere. Zojambula za m'zaka za m'ma 1900 mpaka lero zili kwambiri ku Tate Modern, kutsidya kwa mtsinje wa Thames, m'nyumba yomwe kale inali yopangira magetsi ndipo inatsegulidwa mu 2000. Kumeneko kuli ntchito za akatswiri a ku Africa monga Ibrahim El-Salahi wa ku Sudan. Zaluso zakale za ku Africa zili ku British Museum, mtunda wa mphindi 20 wapansi kulowera kumpoto. Kuli ziboliboli zamkuwa za ufumu wakale wa Benin, womwe dera lake lili mu Nigeria ya lero, zomwe asilikali a Britain analanda mu 1897 ndipo dziko la Nigeria likufuna kuti zibwezedwe, komanso mpando wotchedwa Throne of Weapons, womwe Cristóvão Canhavato wa ku Maputo anawotcherera mu 2001 ndi mfuti zomwe anthu anapereka nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itatha. Iliyonse mwa nyumba zitatuzi imafuna tsiku lakelake.